Mabwato awiri, injini zingati? Mafunso a womanga boti ku KwaThema

KwaThema ili kutali ndi nyanja. Lokeshoni imeneyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1951 pafupi ndi tauni ya Springs, madzi ake apafupi ndi madamu a ku Benoni, Germiston Lake ndi dambo la Blesbokspruit, ndipo wofuna madzi otambalala ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 100 kuti akafike ku Vaal Dam. Komabe nkhani ya injini za maboti si yachilendo pakati pa Amalawi okhala kuno. Ambiri kwawo ndi ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo monga agogo awo a nthawi ya Wenela ankabwerera kumudzi ndi njinga ndi makina osokera, a lero mtima wawo uli pa injini ndi makoka. Ena ndi akalipentala, ena owotcherera, ndipo pulayi, fibreglass ndi mapaipi sizisowa m'masitolo a ku Springs. Munthu wotere akhoza kumanga pabwalo pa nyumba katamarani, boti la mabwato awiri owonda olumikizidwa ndi nsanja pamwamba, n'kukaliyesa ku Vaal kapena kulimasula n'kulitumiza kumudzi. Mayankho ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi: injini isankhidwe poyang'ana madzi amene ikagwirepo ntchito ndi makaniko amene adzaikonze ikadzafa, ndipo chiwerengero cha hosipawa chibwere pambuyo.

Kodi katamarani imasiyana bwanji ndi boti lamatabwa lomwe tinalizolowera kunyanja?

Boti la asodzi a chilimira ndi lalikulu mimba, lolemera, ndipo limakankha madzi ambiri patsogolo pake. Katamarani imagawa katundu pa mabwato awiri owonda, ndipo bwato lowonda limang'amba madzi mosavuta, choncho injini yaing'ono imakwanira pomwe boti lamimba la utali womwewo lingafune yokulirapo. Kutalikirana kwa mabwatowo kumathandizanso kuti nsanja isapendekeke anthu akaunjikana mbali imodzi pokoka khoka. Asodzi a kapenta pa Kariba ndi pa Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, anazindikira zimenezi kalekale: zombo zawo ndi nsanja yokhala pa migolo iwiri yachitsulo italiitali, yonyamula nyali, khoka ndi makina okwezera. Koma kuwondako kumalipiritsa. Bwato lowonda lili ndi malo ochepa oyandamitsa katundu kumapeto kwake, moti makilogalamu 20 owonjezera kumbuyo, omwe boti lamimba silingawamve n'komwe, amamiza kumbuyo kwa katamarani n'kuyamba kukoka madzi. Ndipo pakati pa mabwato awiriwo pali mpata umene mafunde amadutsamo, uku akukwera uku akutsika. Kulemera ndi mpatawo ndizo zimalamula pafupifupi zonse zotsatira.

Ndiye ndigule ya mahosi angati? Anzanga akuti yaikulu ndiyo yabwino, yaing'ono imachititsa manyazi.

Anzanuwo akuganiza za maboti othamanga a ku Vaal, amene amanyamuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Boti lantchito lomangidwa pakhomo, litanyamula anthu, makoka ndi nsomba, limayenda lili m'madzi, ndipo pamenepo pali malire amene mahosi sangawagule motsika mtengo. Boti likamayenda limapanga funde kutsogolo ndi lina kumbuyo, ndipo likamawonjeza liwiro mafundewo amatalikirana mpaka botilo limakhala ngati likukwera chitunda chimene likudzipangira lokha. Kwa boti la mamita 6 zimenezi zimayamba pa makilomita pafupifupi 11 pa ola. Mabwato owonda amatha kupyola pamenepo, koma kilomita iliyonse yowonjezera imadya petulo wochuluka kuposa yam'mbuyo mwake. Poona zimenezi, katamarani ya mamita 5 mpaka 7, yomwe ikasenza katundu wake yense sipitirira kwambiri tani imodzi, imakwaniridwa ndi mahosi 10 mpaka 20 onse pamodzi.

Tayerekezani. Injini ya two-stroke ya mahosi 15 imalemera makilogalamu osafika 40 ndipo ikatsegulidwa moto wonse imamwa malita 6 kapena 7 pa ola. Ya mahosi 40 imalemera makilogalamu opitirira 70 ndipo imamwa malita oposa 15 pa ola, pamene liwiro limene ikuwonjezera pa boti lolemera ndi lochepa. Imakankhanso thabwa lakumbuyo ndi mphamvu imene mmisiri wapakhomo mwina sanaiganizire pomata pulayi yake. Wina anganene kuti mphamvu yowonjezerayo ndi ya tsiku la mwera, ndipo si maganizo opusa, chifukwa kulimbana ndi mphepo kumafunadi mphamvu. Koma mafunde akakula woyendetsa wanzeru amachepetsa moto kuti boti lisamadzimenye pamadzi n'kuthyola nsanja. Chimene akufuna panthawiyo ndi pulopela yosatuluka m'madzi ndi injini yosazima, ndipo zonse ziwirizi sizidalira kukula kwa injini.

Ndipachike imodzi pakati pa nsanja, kapena ziwiri, bwato lililonse yake?

Ngati botilo likupita ku nyanja ya Malawi, ziwiri zazing'ono zofanana. Chifukwa choyamba ndi mpata uja. Injini yopachikidwa pakati pa nsanja imalendewera pamalo pomwe madzi sakhazikika: funde likadutsa, madzi amatsika pansi pake, pulopela imagwira mpweya, injini imalira mokweza koma boti osayenda, kenako funde lina limakwera n'kumiza mutu wa injiniyo. Pampu yoziziritsa nayo imayamwa mpweya nthawi iliyonse mwendo ukatuluka. Injini yomwe ili kumbuyo kwa bwato imakwera ndi kutsika limodzi ndi bwatolo, ndipo madzi amene imalandira ndi osalala chifukwa adutsa kale pansi pake. Chifukwa chachiwiri ndi kukhota. Katamarani siikonda kukhota, popeza mabwato awiri aatali amafuna kupita molunjika, ndipo nsanja yake imakodwa ndi mphepo. Injini ziwiri zotalikirana mamita awiri zimathetsa vutoli, chifukwa ina ikapita kutsogolo ina kumbuyo, boti limazungulira pamalo amodzi. Wofika padooko pomwe padzadza mabwato, mphepo ikuwomba m'mbali, amadziwa kufunika kwake.

Chifukwa chachitatu ndicho chachikulu. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto, ndipo mwera umawomba kuchokera cha kumwera kuyambira mu Meyi mpaka kudutsa Ogasiti. Injini ikazima pa Vaal munthu amaimba foni ndipo wina amabwera kudzamukoka. Ikazima usiku pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, boti limapita komwe mphepo ikufuna, ndipo katamarani yokhala ndi nsanja yotambalala siipalasika ndi nkhafi ngati bwato. Si pachabe kuti maboti ambiri a asodzi a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku KwaZulu-Natal amanyamula injini ziwiri. Ndipo zikhale zofanana ndithu, kampani imodzi, kukula kumodzi, kuti mapulagi, pulopela ndi chingwe chokokera zikhale zosinthanitsika, ndiponso kuti tsiku loipa makaniko athe kuchotsa chitsulo pa ina n'kudzutsa inzake.

Koma injini ziwiri ndi ndalama kawiri. Ine ndimagwira ntchito yamaganyu, si malangizo a anthu olemera amenewa?

Funsoli ndi lachilungamo, ndipo sizingathandize kunamizira kuti ziwiri n'zotchipa. Injini ziwiri za mahosi 8 zimadula kuposa imodzi ya 15, zikamayenda zonse zimamwa petulo wochulukirapo, ndipo mapulagi, oyilo wa giya ndi raba ya pampu zonse mumagula kawiri. Pamafunikanso ndodo yolumikiza injini ziwirizo kuti munthu mmodzi aziwongolera. Koma mtengowo uli ndi mbali ina. Madzi akakhala bata mumakweza injini imodzi n'kuyendera inayo, ndipo katamarani imayenda bwinobwino, kungoti mumakhotetsa pang'ono chiwongolero. Injini ikakhala kwa makaniko sabata yonse, boti silikhala pagombe pamene anzanu akupha usipa. Ndipo palibe chokukakamizani kugula zonse tsiku limodzi. Chofunika lero, pamene boti likadali pabwalo, ndi kumanga matabwa akumbuyo a mabwato onse awiri molimba kuti athe kunyamula injini. Mukhoza kuyamba ndi imodzi, yopachikidwa pa bwato limodzi, n'kumayenda chifupi ndi gombe mpaka yachiwiri itapezeka. Kulimbitsa thabwa boti likumangidwa n'kotchipa, kudzalibowola litamatidwa kale ndi ntchito yowawa.

Pali chenjezo limodzi limene likaiwalika ndalama ya injini yachiwiriyo yapita pachabe. Injini zambiri zimazima chifukwa cha petulo wonyansa kapena wamadzi, ndipo ziwiri zomwera thanki imodzi zimazima nthawi imodzi. Iliyonse ikhale ndi thanki yake, paipi yake ndi sefa yake. Kwa amene boti lake likhala kuno, n'kumangokawedza pa Bronkhorstspruit Dam Loweruka, injini imodzi ndi yokwana, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku majekete oyandamitsa.

Nanga za utali wa mwendo ndi pulopela, n'zofunika kuziganizira?

Anthu ambiri amalakwa pamenepa kuposa pa mahosi. Miyendo ya injini imabwera ya mainchesi 15, 20 ndi 25, kapena kuti masentimita pafupifupi 38, 51 ndi 64. Waufupi ndi wa timaboti ta m'madamu. Wa boti la kunyanja ukhale wa mainchesi 20 kapena kuposa, ndipo thabwa lakumbuyo lidulidwe molingana nawo, kuti chitsulo chophwatalala chomwe chili pamwamba pa pulopela chikhale pa mzere wa pansi pa bwato kapena kutsikirapo pang'ono. Thabwa lalitali limatchinganso funde lochokera kumbuyo. Ngati mwasankha injini imodzi ya pakati, tengani mwendo wautali kwambiri umene mungaupeze. Pulopela nayo ili ngati magiya a lole: boti lolemera loyenda pang'onopang'ono limafuna pulopela yotambalala yoluma madzi pang'ono pa kuzungulira kulikonse, monga giya yokwerera phiri. Makampani amapanga injini za ntchito yotere. Yamaha ya four-stroke ya mahosi 9.9 yawamba ili ndi giya ya 2.08, pamene inzake yokankha zolemera ili ndi 2.92 ndi pulopela yokulirapo. Mahosi ndi omwewo, koma pa boti lodzadza kukankha kwake n'kosiyana kwambiri.

Two-stroke kapena four-stroke?

Pongoyang'ana makina okha, four-stroke ndi yopambana, ndipo palibe chifukwa chobisira. Imamwa petulo wochepa, makamaka pa moto wapakati pomwe boti lantchito limakhala nthawi yambiri, siifuna kusakaniza oyilo, ndipo siifuka. Two-stroke yachikale ya kabureta imataya gawo lalikulu la mafuta ake osapsa, mwina kufika pa limodzi mwa magawo anayi, ndipo mafutawo amathera m'madzi. Pa nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi abwino padziko, yomwe paki yake ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ndiponso yomwe anthu amatungamo madzi akumwa, imeneyi si nkhani yaing'ono. Petulonso wakwera mtengo kwambiri chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kusowa kwake kwakhala kukubwerezabwereza, kotero lita iliyonse yopulumutsidwa ndi ndalama.

Nanga n'chifukwa chiyani magombe a Malawi adzaza ndi Yamaha Enduro za two-stroke? Asodzi si osadziwa. Injini imeneyo ndi yopepuka, munthu mmodzi amaisenza paphewa kupita nayo kunyumba usiku kuopa akuba. Makaniko wa ku Msaka kapena Senga Bay amaimasula yonse ndi masipanala ochepa pansi pa mtengo. Ikagwera m'madzi amaitsuka, kuumitsa, n'kuiliza tsiku lomwelo. Masipeya ake amapezeka, atsopano ndi akale omwe. Four-stroke ya mahosi 15 imalemera makilogalamu pafupifupi 50, zomwe pa bwato lowonda n'zambiri, imafuna oyilo watsopano ikagwira maola 100 alionse, ndipo ikagonekedwa mbali yolakwika, monga zimachitikira m'ngolo za mabasi ochoka ku Johannesburg, oyilo amalowa m'silinda. Zamakono zopopa mafuta ndi kompyuta zikadwala zimafuna makina ofufuzira omwe sapezeka pagombe. Ndiye yankho likubwerera kwa makaniko uja. Boti likakhala ku Vaal, kapena pafupi ndi tauni yomwe ili ndi wodziwa four-stroke ndi sitolo ya masipeya, ndipo liziyenda maola ambiri, gulani four-stroke yaing'ono ya kabureta. Likakhala pagombe lakutali, two-stroke imene aliyense kumeneko amaidziwa ndiyo idzakhala ikugwirabe ntchito zaka zisanu zikubwerazi. Musanapereke ndalama, imbirani foni makaniko wa kugombe kwanu mumufunse injini zimene amazikonza ndi masipeya amene amawapeza.

Mukasankha two-stroke, gwiritsani oyilo wa injini zam'madzi wolembedwa TC-W3, osati wagalimoto, ndipo muyeze monga buku lake likunenera, nthawi zambiri lita imodzi pa malita 50 a petulo. Dziwaninso kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amadya mapaipi akale a raba, choncho injini yochokera ku Joni ivekedwe mapaipi atsopano ndi sefa yolekanitsa madzi, makamaka poti nthawi ya kusowa mafuta ambiri amagula wa m'zigubu.

Ndikaliyesa ku Vaal n'kuyenda bwino, ndiye kuti kumudzinso liyenda chimodzimodzi?

Ayi, ndipo kusiyanako kukhoza kupha injini. Springs ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, Vaal Dam ili chapansi pang'ono pa 1,500, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Mpweya wa kumtunda ndi wopyapyala, ndipo injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse. Ya mahosi 15 imapereka osafika 13 pa Vaal, koma ku Monkey Bay imapereka opitirira 14. Choncho injini yooneka yaulesi kuno musafulumire kuisintha ndi yaikulu. Choopsa chili pa injini zakale zomwe zakhala zikugwira ntchito ku Gauteng. Eni ake ena amaika timabowo tating'ono ta mafuta mu kabureta ndi pulopela yopepuka kuti zigwirizane ndi mpweya wa kuno. Injini yotere ikatsikira kunyanja imalandira mpweya wambiri koma mafuta ochepa, imatentha mpaka kuwononga pisitoni, ndipo pulopela yopepukayo imailola kuzungulira mopyola muyeso. Funsani wogulitsa ngati zinasinthidwa, ndipo zibwezeretsedwe injini isananyamuke.

Yatsopano sindingakwanitse. Yogwiritsidwa kale ntchito ndiigule bwanji osapusitsidwa?

Gauteng ndi malo abwino ogulira yakale, chifukwa injini zambiri za kuno zangogwira m'madzi opanda mchere, kangapo pachaka. Ya ku Durban kapena Richards Bay ikhoza kuwala kunja mkati itadyeka. Pitani ndi munthu wodziwa. Injini ilizidwe ili yozizira, mwendo wake uli mu mgolo wa madzi, chifukwa raba ya pampu imapsa m'kanthawi kochepa ikazungulira pouma, ndipo wogulitsa amene amailiza pouma wakuuzani kale mmene amaisamalira. Madzi oziziritsa azituluka mwamphamvu. Yezani mphamvu ya masilinda ndi geji, ndipo asasiyane koposa 10 peresenti. Masulani pang'ono bawuti ya pansi pa mwendo: oyilo wa giya akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa. Dzina la injini liganizidwe potengera masipeya. Evinrude inasiya kupangidwa mu 2020 ndipo Johnson inasiya kale isanafike imeneyo, kotero kutchipa kwake kuno sikudzakuthandizani ku Makanjira. Za ku China monga Parsun ndi Hidea n'zotsika mtengo, ndipo zina zinatengera kapangidwe ka Yamaha, koma musangoganiza kuti chitsulo chilichonse chilowana musanafunse.

Mapepala ndi ofunika ngati injini yomwe. Injini za maboti zimabedwa kwambiri, ndipo yopalidwa nambala musaikhudze ngakhale itatchipa bwanji. Lamulo la South Africa la katundu wogulitsidwanso, la 2009, limafuna kuti ochita malonda otere alembetse kupolisi ndi kusunga kaundula, choncho kugula kwa iwo kumakutetezani. Mukagula kwa munthu wamba, risiti ikhale ndi nambala ya injini, mtengo ndi dzina lake. Katunduyo adutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Zobue ndi Mwanza, ndipo a MRA adzafuna umboni wa mtengo powerengera msonkho. Msonkhowo ndi ndalama ya thiransipoti muziphatikize musanayerekeze ndi mtengo wa injini yomweyo ku Blantyre kapena Lilongwe.

Kodi boti lodzimangira lili ndi malamulo oliyang'anira?

Lili nawo, mbali zonse ziwiri. Kuno malamulo a maboti ang'onoang'ono a 2007, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la SAMSA, amafuna kuti boti lamphamvu yopitirira mahosi 15 likhale ndi satifiketi yoti ndi loyenera kuyenda, ndipo woyendetsa akhale ndi chiphaso, ngakhale pa damu. Wofuna injini ziwiri awerengere zonse pamodzi: ziwiri za mahosi 6 zili pansi pa malirewo, ziwiri za 8 zawapyola. Woyendera boti amayang'ana majekete, chingwe chozimitsira injini chomangidwa padzanja la woyendetsa, ndiponso ngati m'mabwato muli zoyandamitsa zokwanira kuti boti lisamire likadzadza madzi. Ku Malawi boti lantchito limalembetsedwa ku dipatimenti yoona za maulendo apamadzi, usodzi umafuna laisensi ya a Fisheries, ndipo pagombe pali komiti ya asodzi yomwe ili ndi malamulo ake. Boti la kufakitale limabwera ndi kachitsulo konena mahosi ndi chiwerengero cha anthu amene lingasenze, koma lomangidwa pabwalo ku KwaThema lilibe kameneko, ndipo palibe amene anawerengera malire ake. Ngati mukutsatira pulani ya katswiri, musapyole mahosi ndi kulemera kwa injini kumene iye analemba. Ngati pulani ndi yanu, pitani ndi miyeso yanu kwa woyendera maboti wovomerezeka ndi SAMSA musanatseke mabwato ndi kudula matabwa akumbuyo, pamene kuwonjezera zoyandamitsa kapena kukweza thabwa ndi masentimita 10 kukadali kotheka.